Chala Chachisanu ndi Chimodzi

Ku Tromsø dzuwa lakana kutuluka chiyambire Novembala.
Solfrid amawerenga zala zake m'basi,
amawerenganso potumbula nsomba kufakitale,
kuti dzanja lizolowere kufunsidwa.

Usiku wa Lachitatu chinapezeka china chapadera.
Eya, ndikulota,
anatero chamumtima, kuopa kudzidzutsa.

Akanatha kuuluka pamwamba pa mlatho.
Iye anaitana Torleif,
mlongo wake amene nyanja sinamubweze.

Anabweradi, jekete ikudontha,
nakhala pampando wakukhitchini.
Lankhula, anatero Solfrid. Loto ndi langa ili.
Torleif anangoloza ketulo.

Anatereka madzi,
natulutsa makapu awiri, ina yobenthuka ija.
Asanawire, wotchi inalira.

Zala zisanu.
Chipale chofewa chili mbee pawindo.