Maso Ogula

Loweruka, m'sitolo ya alenje ku Booysens,
a Labuschagne akuti: Chimwaza, tabwera,
wodzanyamula ndiwe, sankha wekha.

Pakauntala agoneka magalasi oonera patali.
Aakuluwa ndikuwadziwa, njerwa yonyowa.
Chaka chatha kutchire la ku Limpopo
chingwe chawo chinandisupula khosi,
ankandigunda pamtima ndikamakwawa
mpaka mbawala inamva, n'kuti lowu m'minga,
bwana osandiyankhula mpaka pamsasa.

Ndatola ting'onoting'ono, todzaza dzanja limodzi.
Wogulitsa akulakatula manambala,
ine za manambala ayi,
ndikufuna tondionetsa khutu la nyama likagwedera
nthawi ya chisisira, tchire litayamba kuda.

Kenaka malamba, opingasa kumsana,
mbereko yoberekera kutsogolo.
Ndamanga. Ndawerama. Ndadumpha kawiri.
Apamzere akuseka, aseke,
palibe kachitsulo kalira,
palibe chalendewera.

Ndatuluka pakhomo kukayesa.
Mulu wachikasu wa dothi la mgodi
wandifika pamphuno penipeni,
mwina muli fosholo imodzi ya agogo anga a pa Wenela.
Uko minibasi ya ku Soweto,
dalaivala akuyasamula, dzino lagolide ng'aa!

Bambo anga ku Dzalanyama
ankadziwa gwape poona mame osweka pa udzu,
maso awiri obadwa nawo, galu, basi.

Bwana wapereka khadi osafunsa mtengo.
Ndasuzumira lisiti:
lendi yanga ya miyezi iwiri ku Turffontein
ili pachifuwa panga,
ndipo sikulemera n'komwe.