Mawu Atatu ku Matawale

Anandituma ndi pepala la mabokosi khumi ndi awiri
kuti ndikaone ngati zimene tinaphunzitsa mu Meyi
zidakali m'mitu ya madokotala,
kapena zinatsala mu holo muja
pamodzi ndi mabotolo a madzi ndi ndandanda wa alawansi.

Ndakhala pakona, pampando wogwedera,
Lachinayi, mvula ikutsetsereka m'phiri.
Panja mzere wapindika mpaka kuchipata.
Dokotala Namaona anakhoza bwino mayeso athu,
koma mayeso aja analibe khanda lolira pakhomo,
analibe anthu makumi asanu ndi atatu
odikira manja awiri okha.

Alowa a Likagwa,
jekete yabulawuni, nsapato zopolishidwa ngakhale kuli matope.
Akufuna mankhwala a kuthamanga kwa magazi.
Dokotala atsegula kabuku kawo, naima kaye.
"Bambo, munabwera Lolemba.
Tinakupatsani a mwezi wathunthu."
"Ine? Lolemba?"
Kenaka kaseko kakang'ono,
konga ka munthu wophonya sitepe pagulu.

Ndichonga bokosi loyamba: wazindikira.

"Ndikupatsani mawu atatu, mundisungire.
Njinga. Mchere. Mtambo."
Awabwereza pang'onopang'ono ngati akuwerenga chenje.
"Tsopano jambulani wotchi, mivi iloze leveni koloko."

Dzanja silikunjenjemera.
Manambala onse alipo, aukhondo,
koma otembenuka, oyenda chakumanzere,
ngati wotchi yoonekera pagalasi.
Buku lathu likuti apa ndi ziro.
Cholembera changa chatsika kale.

"Kodi munkagwira ntchito yanji, bambo?"
"Zaka makumi atatu kosindikiza mabuku a boma,
kusanja zilembo za mtovu chimodzichimodzi.
Ife tinkawerenga chobwerera m'mbuyo, mwana wanga,
kuti inu muwerenge bwino."
Dokotala anyamula kapepala kaja,
akatembenuza, akaloza kuwindo.
Kuwala kudutsa.
Ndi leveni koloko ndendende.

Pepala langa lilibe bokosi la zimenezi.

"Nanga mawu anga aja?"
"Njinga."
Mvula pamalata.
"Njinga... panali china choyera."
Afufuza m'matumba a jekete ngati chingakhalemo.
Mtambo sunabwere,
chonsecho unali pawindo pomwepo,
utameza phiri theka lonse.

Dokotala sanati ndi ukalamba chabe.
Sanatchulenso chipatala cha amisala,
dzina lothawitsa anthu m'tauni muno.
Anafunsa za tulo, za makutu, za mowa,
za amene amawaphikira chimwalirireni mayi.
Analemba zoyeza magazi,
nalemba tsiku ndi zilembo zikuluzikulu:
"Mudzabwere ndi mwana wanu uja wa ku Sadzi.
Kuiwala kumeneku tikutsatire limodzi kudakali kochepa."
A Likagwa anayang'anitsitsa zilembozo,
nati ya "m" yapendekeka.

Mphindi khumi ndi zisanu ndi zinayi.
Wina wagogoda kawiri, wina watukwana chapansipansi.
Bokosi lomaliza likufunsa
ngati anamaliza m'mphindi zisanu.
Ndichonga Ayi,
ndipo Ayi ameneyu akachotsa malikisi ku Lilongwe,
m'kompyuta yosadziwa a Likagwa.
Ndilemba m'mphepete, timalemba tothinana,
podziwa kuti za m'mphepete salowetsa.

Madzulo pakabaza, kulowera ku Chinamwali,
pepala ndalibisa m'malaya kuti lisanyowe.
Ndidziyesa ndekha: njinga, mchere, mtambo.
Onse atatu alipo.
Koma pa mchere ndaimapo.
Sabata yatha mayi anga anathira kawiri m'nyemba,
nakana kuti sanathire n'kamodzi komwe,
ndipo tonse tinaseka, ine mokweza kuposa onse,
ine wophunzitsa madokotala.

Wakabaza afunsa ngati tikhote pa sitolo paja.
Ndimuuza apitirire,
akanditsitse kwa mayi.