Makilomita Awiri

Chikwangwani cha pachipata chimati makilomita awiri,
mphindi makumi anayi, njira yosavuta.
Ife tinatha maola awiri ndi theka,
chifukwa chiyambire Epulo
mwendo wamanzere wa bambo anga umafika mochedwa kulikonse,
umachita kukokedwa ngati mbuzi yopita kumsika wa Nchalo.

Zaka makumi atatu a Zuze anadula nzimbe
mozungulira mpanda uwu,
phulusa m'mphuno, chikwanje m'dzanja,
koma pachipata pano anali asanadutsepo.
"Kulipira ndalama kuti ndikaone mitengo?"
Ndinalipira ine.
Iwo anayang'ana kumbali, nkulavula.

Wotilondolera anali Feliza,
yunifolomu yobiriwira, jombo zomukulira.
Anayamba monga anamuphunzitsira:
uwu ndi tsanya, uwo ndi mvunguti,
mlambe uwo tikaugwirana manja timafunika anthu asanu ndi awiri.
Bambo ankangoti mm,
maso ali pansi, kuwerenga mapazi awo.

M'katimo mpweya unali wina.
Kunja dzuwa limaphika malata,
kuno mthunzi unali wamawangamawanga ngati nkhanga,
ndipo phokoso la mathirakitala
linatsala kumbuyo, likung'ung'udza lokha.
Pusi anatiponyera chikhokho cha bwemba.
Njiri inatuluka kudzenje, mchira njo,
nkuthawa ngati yaiwala chinthu pamoto.

Pakhwawa louma bambo anaima.
Ndinaganiza kuti atopa, ndinatsegula botolo la madzi.
Anakankha botololo, naloza mchenga ndi ndodo.
"Boo. Yamphongo. Yadutsa kusanache.
Ikutsimphina mwendo wakumbuyo, mnzanga ameneyu."
Mawu ankatuluka mbali imodzi ya pakamwa
koma Feliza anamva onse.
Anagwada, nayeza phazi ndi zala ziwiri.
"Mwadziwa bwanji, madala?"

"Ndisanagwire chikwanje ndinkagwira waya.
Muno ndinkalowa, mwanangu. Pachipata pokha ndiye ayi."

Feliza sanaseke.
Anati mwezi watha wachotsa misampha khumi ndi umodzi,
umodzi unali utagwira kale.
Nyenje zinayankhula m'malo mwathu kanthawi.
Ine ndinakumbukira nyama yofutsa ya ndili mwana,
ija amayi ankati yachokera kwa amalume ku Bangula.

Kenaka bambo anati, "Usamayang'ane panjira yaikulu.
Uziyang'ana pamene nthambi yapindidwa mwaulemu kwambiri."
Feliza anatulutsa kabuku m'thumba, nalemba.
Kuchokera apo wolondolera sanadziwikenso kuti ndani.

Panali benchi la matabwa pansi pa mtengo wa masau,
zipatso zili mbwee pansi, zina zoponda nyani.
Tinakhala. Thukuta linayenda m'makwinya a khosi lawo.
Ndinatola masau atatu nkuwaika pabondo pawo, osaganiza kanthu.
Dzanja lamanzere lija,
lomwe adokotala amalipatsa kampira kuti lizifinya, ilo nkumakana,
linakwawa ngati nkhanu,
linagwetsa limodzi, linagwetsa lachiwiri,
lachitatu linalitsekera m'kati.
Silinafike kukamwa. Analandira ndi lamanja.
Anatafuna, nakwinya nkhope.
"Owawasa. A kwathu ku Ngabu ndiye masau."

Booyo sitinaione.
Tinaona ndowe zake, ubweya pang'ono paminga,
ndi malo pamene inagona, udzu utaphwathalala.
Bambo anayang'ana pamenepo nthawi yaitali
kuposa mmene anayang'anira mlambe.

Potuluka, dzuwa lili paliwombo,
akabaza athu awiri anali atagona pansi pa chikwangwani chija.
M'buku la alendo ndinalemba dzina langa,
ndipo pamene pamati ndemanga ndinawafunsa choti ndilembe.
"Lemba kuti makilomita awowa ndi abodza, ndi anayi."
Ndinalemba.
Atakwera kale panjinga, ndodo ili pamiyendo,
anakodola Feliza:
"Kumpoto kwa khwawa lija, pali mtondo wopendekeka.
Ukafufuze pamenepo. Loweruka ndidzafunsa."