Mawu Ochokera ku Doko

Twaibu watumiza mawu usiku.
Ndawamvera m'mawa uno mumsika wa Zomba,
foni pakhutu, dzanja linalo likuunjika anyezi.

Akuti: Achemwali, kuno mafuta sawerengera.
Munthu amasiya galimoto ikulira panja pa sitolo
kuti akabwera apeze mipando ikuzizira.
Koma mpunga wawo ndimatsitsa ndine m'sitima,
ufa ndine, anyezi ndine.
Nkhosa zimatsika zamoyo,
zikudzandira ndi chizungulire cha panyanja.
Mwezi watha sitima zinachedwa masiku khumi ndi limodzi.
Ndinaona bwana wa mkanjo woyera
ataima pa shelefu yopanda kanthu,
chikwama chotupa m'manja,
maso mwazumwazu ngati mwana wosochera pa depoti.

Ndaseka mpaka woyandikana nane watembenuka.
Kenako kuseka kwandithera pakhosi.

Poti pamene ndakhala pano
mzere wa pa filing'i wakhota kawiri,
akabaza akankha njinga zamoto ndi manja,
zigubu zafola ngati odwala ku Central.
Abiti Mdala lero ndi tsiku lachitatu
akudikira lole ku Jali,
tomato wawo akuphulikira m'madengu,
ntchentche zokha ndizo zapeza msika.

Phiri ilo lavala mtambo kuyambira dzulo.
Mulunguzi akutsika osafunsa mtengo wa dola.
Kachewere alipo, mapeyala akugwa okha,
mpunga wa ku Likangala ukununkhira m'matumba,
koma onani benchi langa:
adyo uyu wa m'kaukonde koyera
wawoloka nyanja zingati sindidziwa,
mafuta ophikira awa ndimathira m'timapepala
achokera m'chigubu cha zilembo zomwe sinditha kuwerenga.
Ngakhale anyezi wangayu, wa kudimba kwathu,
ananenepa ndi feteleza wa m'sitima.
Mwina thumba lakelo linadutsa paphewa pa Twaibu
likupita uko iye sangathe kubwerera
mpaka kontirakiti itatha.

Ndiye wopempha ndani apa?
Iwo ali ndi chitsime chosamweka,
ife tili ndi munda wopanda miyendo.
Tonse makutu ali kudoko,
kumvetsera lipenga la sitima ya eni.

Ndadina foni kuti ndimuyankhe.
Ndimafuna kunena kuti mvula yayamba bwino,
kuti denga la amayi tafolera ndi ndalama ija,
kuti akapeza anyezi wofiira, wamng'ono, wolilitsa,
amununkhize, mwina ndi wa kuno.
Ndangoti "Achimwene," bandulo yatha.

Kasitomala waima, akufinya mulu wa pakati.
Akuti ndadulitsa.
Ndamuuza kuti thiransipoti yakwera.
Akuti anyezi sayenda pa petulo.
Ndamuyang'ana, ndamuikira prize m'modzi,
kamene kanayamba kale kumera.