Phazi la Rileyi

Magetsi abwera cha m'ma leveni usiku.
Mchini yonse yakuwa, ine ndatsegula laputopu
imene batire lake linafa kalekale.

Pa sikirini pali phazi la rileyi
lojambulidwa ndi munthu amene sindidzamuona:
timabowo tisanu, mzere woyera mozungulira.
Koma rileyi yanga ndinagula pa Kapata
kwa a Gezile, m'chitini cha mkaka,
ndipo miyendo yake sikuchidziwa chithunzichi.

Chaka chatha ndinakhulupirira za m'kompyuta.
Ndinadikira milungu isanu ndi iwiri,
mabolodi khumi n'kutsika basi ya ku Lusaka,
obiriwira, osalala ngati tsamba la nthochi.
Mwendo wachitatu unakana kulowa.
Theka la milimita basi.
Anayi mwa mabolodi aja
ndi amene achirikiza tebulo lino.

Tsopano ndimayeza ndekha.
Vaniya iluma mwendo, ndilemba pa chikhatho,
ndigwira bowo ndi mausi, ndilikoka pang'ono,
lilumpha, ndilibweza.
Ndichepetsa timabokosi ta giridi
mpaka nsabwe isathe kugonamo.
Ngodya iyi ndipinde, mzere uwu uchoke pa mkuwa,
kadontho kakhale pa mwendo woyamba
kuti tsiku la tulo ndisadzazondotse.

Amayi ankandiimika pa katoni ya sopo,
pensulo ikundigirigisha m'mbali mwa chidendene.
"Usagwedezeke, Zelipa."
Kutsogolo ankasiyako chala chimodzi,
ati phazi la mwana siligona.
Katoniyo inkapita yokha ku salaula
n'kubwerako ndi nsapato zondikwana.

Rileyi sikula, ndikudziwa.
Komabe ndikusiyira mpata:
wa nsonga ya chowotcherera,
wa dzanja langa likamanjenjemera ndi njala,
wa kapasita wonenepa woyandikana naye,
pakuti anansi opanikizana
amayamba kukangana kukatentha.

Ku Chiparamba tomato wa a Yotamu wawerama,
pampu ya sola ikudikira kabolodi aka,
ndipo iwo aimba kale kawiri.
Mawa ndikasindikiza phazili pa pepala,
kukula kwake kwenikweni,
ndibowole ndi singano,
ndiimikepo rileyi ngati mwana pa katoni.

Babu laphethira.
Ndasunga. Ndasunganso.
Mdima wabwerera, agalu ayambiranso,
m'maso mwanga mwatsala kamzere koyera
kosatsekeka bwino pa ngodya ya kumanzere.