Zimene Ndimadula

Lachinayi lililonse, magetsi akatikomera mtima,
timadzitsekera m'kachipinda kuseri kwa tchalitchi ku Kapata,
mosungira ng'oma yong'ambika ndi mipando yothyoka miyendo.
Makoma tidamata matileyi a mazira kuti mawu asamabwerere.
Abusa Njobvu uku, a Shawa, mphunzitsi wopuma, uko,
maikolofoni pakati, ngati mlendo wodikira madzi osamba m'manja.
Ine yanga ndi kudula.

Ndimadula chifuwa cha a Shawa.
Ndimadula tambala wa kuseri kwa mpanda
amene sadziwa kuti kudacha kalekale,
belu la njinga, hutala ya lole yopita ku Mwami,
mwana wofuula zitumbuwa pakati pa pemphero.

"Mtendere ukhale nanu, omvera podikasiti yathu.
Sabata ino: mtengo wa ufa."
Abusa ali ndi vesi la chilala, vesi la msonkho,
ngakhale la ngongole ya dziko amalipeza.
A Shawa ali ndi manambala ong'amba m'nyuzipepala,
opindapinda m'thumba la jekete pamodzi ndi mapiritsi a shuga.
Uyu akati tipempherere atsogoleri,
uyo amati inde, koma tiwawerengere ndi matumba omwe.
Amakangana mokoma, ngati alamu pa maliro a munthu wokalamba.

Ndiye kudabwera uthenga wa mawu wochokera ku Chadiza,
mphindi zitatu, mphepo ikuwomba m'foni yobwereka.
"Ndine Tisiyenji Mvula.
Ndidagulitsa mbuzi ziwiri, ndidalipira ku kopaletivu,
chala ndidadinda, inki sidachoke mpaka Lamulungu.
Feteleza atafika akuti dzina langa mulibe.
Chimanga chafika m'mawondo, chachita chikasu ngati wodwala.
Musandiuze woti ndimuvotere, abusa, ameneyo ndidzamuona ndekha.
Mungondiuza: dzina la munthu likachoka pa pepala
limapita kuti?"

Abusa adatsegula masamba. Adatseka.
A Shawa adapukuta magalasi oyera kale.

Pa kompyuta mawu amaoneka ngati mapiri ozinga tauni yathu,
kukwera, kutsika, kukwera.
Chete ndi mzere wowongoka.
Ndidauwerenga: masekondi khumi ndi limodzi.
Kenaka kaphiri kakang'ono ngati chulu:
"Sindidziwa, mayi."

Adamwa madzi, nayang'ana maikolofoni,
imene adatigulira mkulu wa mpingo uja
wayamba kuoneka nkhope pa zitenje,
yemwenso malata a denga latsopano ndi ake.
"Tilyenji, mwanawanga, pamenepo udule."

Ndidadula.
Chala chimodzi, osatuluka magazi.
Pabalapo ndidamatapo kwaya ya amayi,
ndipo adaimba bwino, ndisaname.
Loweruka anthu mazana anayi adamvera,
ometa tsitsi, osintha ndalama pamalire,
mlongo wanga wa ku Kitwe amene amati timamveka ngati a wailesi enieni.
Palibe adaona msoko.

Koma telala sataya zigamba.
M'foni yanga muli tambala makumi atatu,
zifuwa zosawerengeka, mabelu,
kuseka kwa abusa tsiku lija adaiwala kuti tikujambula,
ndi mayi wa ku Chadiza, wathunthu, ndi mphepo yake.

Madzulo ndimakwera njinga ya ganyu kubwerera ku Navutika,
nditakhala pa kakhushoni kumbuyo kwa msana wa thukuta,
timawaya m'makutu.
Wopalasa amafunsa, "Mumvera nyimbo yanji, bwana?"
Ndimati ulaliki.
Amati, "Nanga sindikumva kanthu."

Masekondi khumi ndi limodzi.
Mukatchera khutu muli mpando ukulira,
tsamba lopyapyala likutembenuka,
munthu wamkulu akumeza malovu.
Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala pansi pa guwa lawo,
sindidawamvepo ali pafupi chonchi ndi Mulungu.

Mvula yayambanso ku mapiri a Kanjala.
Lachinayi likudzali mutu ndi wa misewu.
Vesi adalipeza kale.