Thovu la ku Lunkhwakwa

Madzi akaduka pampopi ku Kapata
timakachapira ku Lunkhwakwa,
ndipo atate, a Lazalo Mphanza, amanditsata ndi ndodo yawo,
n'kukhala pamwala, maso m'beseni langa
ngati muli nkhani.

Lero mtsinje wafiira. Mvula yakokolola Kanjala usiku.
Ndathira sopo kawiri, thovu likukana.

"Ndi dongo limenelo, Tikambenji.
Zaka makumi awiri ndi zitatu ku Migodi
mdani wanga anali yemweyo."

Amati mwala ukaperedwa m'chigayo mpaka kusanduka phala
ankauthira m'matanki, n'kupopera mpweya pansi,
n'kudontheza mankhwala onunkha ngati kabichi wowola
oti aveke mkuwa malaya okana madzi.
Mkuwa wovala umakwera thovu,
n'kusefukira pamlomo pa tanki, wakuda, wolemera.
Mchenga wosavala umatsala pansi.

Koma mkuwa suyenda wokha.
Dongo, losalala kuposa ufa wosefa,
limamata kanjere kake mbali zonse,
thovu n'kudutsa osakazindikira;
limamwanso mankhwala
ngati mlendo waludzu paukwati wa eni.
Kuli wina woterera ngati sopo,
sadikira kuitanidwa, amayandama yekha,
n'kudzaza thovu ngati minibasi ya ku Katete pakutha kwa mwezi,
mkuwa n'kutsala pasiteji.
Ndiye uja wonyezimira, golide wa opusa,
amene ankamugoneka ndi laimu:
ukachepetsa adzuka,
ukachulutsa wamiza ndi mkuwa womwe.

"Ndinkadziwira maso.
Thovu likatuwa, likatuzula ngati chule,
ndiye kuti kwalowa alendo."

Ndikufinya malaya awo abuluu,
dzina la kampani linafufutika kalekale.
Sindifunsa za tsiku lomwe anawaitanira ku ofesi,
iwo ndi anzawo ambirimbiri,
kuti mtengo wa mkuwa wagwa.
Anafika pa basi ya usiku
ndi sutikesi imodzi, ndi chifuwa.

"Kudamu la zotaya," akuyankhula okha tsopano,
"mkuwa ulimo, wambiri ndithu.
Sikuti unali wachabe.
Unangomatidwa."

Akutsokomola. Ndataya madzi ofiira,
ndatunga ena, ndawasiya kuti adikhe.
Pamwamba pake kathovu kamodzi kakuzungulira,
kasenza kanjere konyezimira,
ndipo atate awerama, mpweya augwira,
kukaperekeza ndi maso
mpaka kaphulika.